Buledi wa pa Mchenga Wonyezimira

"Ayi iwe, si mandasi!" anatero Nasra. "Si zitumbuwanso. Buledi. Buledi weniweni!"

Tikhala anaseka. Anaseka mpaka kugwira mpanda. Kkkk.

"Iwe Nasra, buledi amapanga ndi makina ku tauni. Iwe ndiwe makina?"

"Sindine makina. Koma ndiphika. Lero lomwe."

Nasra ameneyu anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Kwawo ndi ku Makawa, m'mbali mwa nyanja. Tikhala ndi mnzake wa kuseri kwa mpanda. Amakangana tsiku lililonse. Amasewera limodzi tsiku lililonse.

Ndiye tamverani chimene chinkamuvuta Nasra.

Ababa ake, Atumani, anapita ku Joni kukagwira ntchito. Anapita iye ali ndi zaka zinayi. Nasra ankangowaona pa foni. Pa foni, ababa anali aang'ono ngati chala.

Tsiku limeneli ababa anali pa ulendo wobwera kumudzi. Koma amama anali atanena kale.

"Akhala masabata awiri okha. Kenako mwina abwerera."

Masabata awiri okha! Nasra sanafune masabata awiri. Ankafuna masiku onse.

Pa foni paja, ababa ankakonda kumwa tiyi. M'manja munkakhala buledi.

"Kuno buledi ndi wa tsiku ndi tsiku, mwanangu," ankatero. "Wofewa. Wotsekemera."

Nasra ankatsinzina n'kumaona Joni. Ankaona nyumba za buledi. Ankaona misewu ya buledi. Ankaona ababa atakwera buledi wamkulu ngati bwato. Ankapalasa ndi supuni pa nyanja ya tiyi. Ankapalasa, ankapalasa, kunka kutali.

"Ndadziwa," anatero Nasra. "Ndi buledi amene amawagwira kumeneko. Kuno kukakhala buledi, ababa sapitanso."

Amama anamupatsa paketi ya fulawa.

"Fulawa ndi yemweyu, mwanangu. Wina palibe. Ine ndikupita kumsika ku boma. Moto usayatse wekha, wamva? Pita kwa anti Estela."

Anti Estela ndi oyandikana nawo nyumba. Anabadwira ku Mozambiki. Manja awo amadziwa buledi. Koma tsiku limeneli anali ndi chimfine. Mphuno zinali zitatsekeratu.

"Odi, anti!"

"Etsi! Lowa, mwanawe. Etsi!"

"Ndabwera ndi fulawa. Ndabwera ndi yisiti. Ndabwera ndi mchere."

"Nanga nkhope yagweranji?"

"Shuga ndilibe, anti. Ndapita ku golosale ya a Ayub. Mulibe. Akuti shuga wasowa paliponse. Ababa amakonda buledi wotsekemera."

Anti Estela anapukuta mphuno. Anamwetulira.

"Shuga wa m'paketi ndi mlendo, mwanawe. Anabwera dzulodzuloli. Nthochi ili ndi shuga wake. Njuchi ili ndi shuga wake. Taona pa denga la khitchini."

Pa denga panali nthochi zitatu. Zinali zakupsa kwambiri. Makoko ake anali ndi madontho akuda.

"Izi zoola, anti!"

"Sizinaole. Zakalamba bwino, ngati ine. Etsi!"

Kenako anatulutsa kabotolo. Munali uchi wa ku Namwera. Nasra anakaloza kudzuwa. Uchi unawala. Zinali ngati dzuwa lalowa m'botolo n'kugona.

Nasra anasenda nthochi. Anazinyenya ndi foloko. Nye, nye, nye. Anathira uchi supuni imodzi. Anathira yachiwiri. Yachitatu inasochera, inalowa m'kamwa mwake. Kkkk.

"Ndakuona," anatero anti Estela.

"Ndimalawa ngati uli bwino, anti."

"Ndiye uli bwino?"

"Sindinamvetse. Ndilawenso?"

"Choka apa!"

Anathira fulawa m'beseni. Anathira mchere pang'ono. Anathira yisiti ndi madzi ofunda. Anathira nthochi ndi uchi zija.

"Tsopano kanda."

Nasra anakanda. Fulawa anamata zala zonse.

"Anti, wandigwira!"

"Akukupatsa moni. Kanda, pinda, tembenuza."

Kanda, pinda, tembenuza.

Kanda, pinda, tembenuza.

Manja anatopa. Mapewa anatopa. Pamphuno panali fulawa. Pakhutu panali fulawa. Nasra sanasiye. Ankaganiza za masabata awiri aja.

Kanda, pinda, tembenuza.

Mapeto ake fulawa anasiya kumata. Anasalala ngati tsaya la khanda.

"Basi," anatero anti Estela. "Tsopano agone. Mufunditse chitenje."

"Fulawa amagona?"

"Amagona. Akagona amakula. Ngati iwe."

Nasra anamufunditsa bwinobwino. Ananong'ona pafupi ndi beseni.

"Gona. Ukule. Ukhale wamkulu kuposa wa ku Joni."

Kenako anayang'ana uku ndi uku.

"Anti, nanga uvuni uli kuti?"

"Uvuni wathu ndi poto wamkuluyo. Pansi timaika mchenga. Mchenga ukatentha, buledi amapsa osapserera. Tenga chidebe, ukatape. Koma ukhale wouma. Woumiratu!"

Nasra anathamangira kunyanja. Dzuwa la m'mawa linali litakwera. Madzi anali phee.

Anagwira mchenga wa pafupi ndi madzi. Wonyowa.

Anagwira mchenga wa pamene amakokera mabwato. Wonyowanso.

Anayenda. Anayenda. Anafika pa mathandala. Awa ndi matebulo aataliatali a bango, oyanikapo usipa. Pamwamba panali usipa mbuu, ukuuma padzuwa. Nasra anasuzumira pansi pake.

Eee! Mchenga wake!

Unali wouma. Unali wofunda. Ndipo unkanyezimira. Nyezi, nyezi, nyezi.

Nasra anagwada. Anatapa m'manja. Anausiya kuti udutse m'zala. Unkagwa ngati timiyezi ting'onoting'ono.

"Nyenyezi," ananong'ona. "Kodi masana mumabisala pano?"

Anatsinzina. Anaona buledi wake akupsa pa nyenyezi. Anaona fungo lake likuuluka. Linadutsa mapiri. Linadutsa malire. Linakafika ku Joni n'kugogoda pa chitseko.

Anadzaza chidebe mpaka pakamwa.

Koma anzanga, ndikuuzeni chinsinsi. Sizinali nyenyezi zimenezo. Kkkk. Anali mamba a usipa! Tsiku lililonse usipa umadontha madzi pamenepo. Tsiku lililonse mchenga umamwa.

Nanga Nasra sanamve fungo? Ayi ndithu. Mwana wa ku Makawa samva fungo la usipa. Mphepo yake ndi ya usipa. Zovala ndi za usipa. Ngakhale makope a kusukulu ndi a usipa. Mphuno inazolowera kalekale.

Nanga anti Estela? Paja ali ndi chimfine!

Nasra atabwera nacho chidebe, anti anagwira mchenga ndi dzanja.

"Wouma. Wachita bwino, mwanawe. Etsi!"

Nasra anavundukula chitenje. Anakuwa.

"Anti! Wakula!"

Fulawa anali atafufuma. Anadzaza beseni ngati mtambo. Nasra anamutobola ndi chala. Kadzenje kanabwerera pang'onopang'ono.

"Akupuma, anti!"

"Eya. Wadzuka."

Anapaka mafuta m'chitini. Anaikamo fulawa uja. Anti Estela anayatsa mbaula. Anathira mchenga m'poto. Anakhazika chitini pa mchenga. Anavundikira ndi lata. Pa lata anaikapo makala a moto.

"Moto pansi, moto pamwamba. Tsopano dikira. Osatsegula."

Nasra anakhala pa mpasa. Anadikira.

Kunabwera mphaka woyera. Anakhala pafupi ndi mbaula.

Nasra anadikira.

Kunabwera mphaka wakuda. Anakhala pafupi ndi woyera.

Nasra anadikira.

Kunabwera wamawangamawanga. Kunabwera woduka mchira. Kunabwera wina wowonda, wosadziwika kwawo. Amphaka asanu! Onse maso pa poto.

Tikhala anasuzumira pa mpanda.

"Iwe Nasra, waitana alendo?"

"Abwera okha."

"Amphaka anayamba liti kukonda buledi?"

"Buledi wanga ndi wabwino. Ngakhale amphaka akudziwa."

"Hmm," anatero Tikhala.

Nthawi inakwana. Anti Estela anachotsa makala. Anachotsa lata. Utsi wofunda unatuluka.

Mayo ine, kukongola kwake! Buledi anali wofiirira pamwamba. Anali atatukumuka ngati phiri. Anti Estela anamugogoda ndi chala. Go, go, go.

"Wamva? Akalira choncho ndiye kuti wapsa. Wakwanitsa, mwanawe. Ine mutu ukundiwawa. Ndikagone kaye."

Analowa m'nyumba.

Nasra anavina. Anazungulira mbaula kawiri. Tikhala anadutsa pa chiboo cha mpanda n'kubwera. Anawerama. Ananunkhiza. Anakwinya mphuno. Ananunkhizanso.

"Nasra."

"Chiyani?"

"Waikamo ndiwo?"

"Ndiwo zanji? Muli nthochi ndi uchi."

"Iwe, buledi uyu akununkha usipa."

"Bodza! Nsanje basi!"

"Tanunkhiza wekha."

Nasra anaika mphuno pafupi. Anamva uchi. Anamva nthochi. Kenako anamva china. Moto unali utadzutsa fungo lonse la mu mchenga muja. Linali lamphamvu. Ngakhale mphuno ya ku Makawa inalimva.

Usipa. Usipa weniweni.

"Mchenga unautapa kuti?" anafunsa Tikhala.

"Pansi pa mathandala."

Tikhala anagwira pakamwa. Anafuna kuseka. Koma anaona maso a Nasra. Sanaseke.

"Fulawa wina alipo?"

"Palibe."

Misozi inagwa. Do. Do. Do.

"Buledi wa ku Joni sanunkha nsomba," anatero Nasra. "Ababa akalawa uyu, abwerera mawa lomwe."

Kuseri kwa mpanda kunamveka mawu. Amayi ake a Tikhala ankamuitana. Tikhala anagwira Nasra paphewa, n'kupita.

Nasra anatsala yekha ndi amphaka.

"Ndikamubisa," anatero. "Ababa asamuone n'komwe."

Anaika buledi m'beseni. Anavundikira ndi chitenje. Anasenza pamutu. Analunjika ku mlambe waukulu wa kumsewu. Mlambewo uli ndi mphako.

Nasra patsogolo.

Mphaka woyera pambuyo.

Wakuda pambuyo pa woyera.

Wamawangamawanga. Woduka mchira. Wowonda uja kumapeto.

Onse pa mzere ngati ana a sukulu. Kkkk.

"Chokani!" anatero Nasra.

"Nyaaa," anatero amphaka.

Anafika pa mlambe. Nthawi yomweyo njinga yamoto ya kabaza inaima pamsewu. Panatsika bambo wina. Anali ndi chikwama chachikulu. Anali wamtali ngati mgwalangwa.

Bamboyo anayang'ana mtsikana. Anayang'ana amphaka. Anaseka.

"Salaam aleikum, mayi wa amphaka."

Nasra anaima chilili. Mawu amenewo! Ankawadziwa. Ankatuluka mu foni Lachisanu lililonse. Koma lero sanali aang'ono ngati chala.

"Waleikum salaam," anayankha motsitsa.

Bamboyo anasiya kuseka. Anaika chikwama pansi. Anagwada pa fumbi.

"Nasra? Mwanangu? Ndiwe wakula chonchi?"

"Ababa!"

Anafuna kuwakumbatira. Koma manja anali pa beseni. Akasiya, beseni ligwa. Ndiye ababa anakumbatira zonse, mwana ndi beseni lomwe.

"Nanga m'beseni muli chiyani?"

"Mulibe kanthu."

"Nyaaa," anatero mphaka woyera.

"Uyu akuti muli kanthu."

"Ndi wabodza ameneyo."

"Nyaaa," anatero amphaka onse asanu.

"Mboni zachuluka, mwanangu."

Nasra analira. Ananena zonse. Ananena za shuga wosowa. Ananena za nthochi ndi uchi. Ananena za mchenga wonyezimira.

"Ndimafuna mupeze buledi kuno. Ndimafuna musapitenso ku Joni. Koma ndalakwitsa. Akununkha usipa."

 Ababa anakhala pa chikwama, pa mthunzi wa mlambe. Anatenga beseni. Anavundukula chitenje.

Buledi anali akadali wofunda.

"Bismillah," anatero.

Ananyema. Anaika pamphuno. Anatsinzina.

Ananunkhiza.

Ananunkhizanso.

Mphepo inagwedeza malambe pamwamba. Amphaka anakhala pansi. Nasra anayang'ana nkhope ya ababa.

Kenako anaona msozi. Unatsika pa tsaya la ababa. Unalowa mu ndevu.

"Ababa, ndi woipa choncho?"

"Ayi, mwanangu." Anatsegula maso. "Zaka zinayi ndakhala ndikufuna fungo ili. Kumene ndimakhala kuja kulibe. Ndimatsegula windo, ndimamva utsi wa magalimoto. Ndimatsinzina, ndimaona mathandala. Ndimaona usipa ukuwala padzuwa. Koma fungo silimabwera."

Analuma. Anatafuna pang'onopang'ono.

"Mmm. Uchi uwu. Nthochi iyi. Nyanja nayi."

"Koma wa ku Joni ndi wabwino kuposa uyu."

"Wa ku Joni amakhutitsa mimba basi. Amabwera m'pepala la pulasitiki. Sudziwa amene wakanda."

Ananyemanso. Anapatsa Nasra. Nasra analuma pang'ono. Kunja kunali kokhuthala. M'kati munali mofewa. Kutsekemera kunabwera mwakachetechete. Usipa unabwera pambuyo, ngati ukupereka moni.

Nasra anameza. Anafunsa funso lake lija.

"Ababa, ndi zoona mukhala masabata awiri okha?"

Ababa anayang'ana buledi. Anayang'ana njira ya kunyanja. Anayang'ana mwana wawo.

"Ndinanyamuka ndi mitima iwiri, mwanangu. Wina umati bwerera. Wina umati khala. Yakangana m'basi njira yonse."

"Ndiye wapambana uti?"

"Wobwerera uja wadya buledi. Wakhuta. Wagona."

"Udzuka?"

"Usaudzutse."

Nasra analumpha. Amphaka anabalalika. Kenako anabwereranso. Kkkk.

Anayenda kupita kunyumba. Ababa ananyamula chikwama. Nasra anasenza beseni. Tsopano sanavundikire. Ankafuna mudzi wonse uone.

Amama anali atangofika kuchokera kumsika. Anaponya dengu pansi. Analulutira. Anti Estela anadzuka ndi chimfine chawo. Anabwera akuyetsemula.

Anayala mpasa pa khonde. Amama anaphika tiyi. Munalibe shuga. Nasra anathiramo uchi, kapu iliyonse kasupuni kamodzi.

Amama analuma buledi. Anaima kutafuna. Anayang'ana Nasra.

"Mwanangu, buledi uyu wadutsira kudoko?"

Onse anaseka. Anti Estela okha anadabwa.

"Mukuseka chiyani? Ine ndikumva uchi wokhawokha. Etsi!"

Anasekanso kwambiri.

Ababa anamwa tiyi. Anaika kapu pansi.

"Amake Nasra, bwato langa lija lilipo?"

"Lilipo kuseri. Nkhuku zimaikiramo mazira."

"Muziuze nkhukuzo zisamuke. Mwini wake wabwera."

Amama anawayang'ana nthawi yaitali.

"Wabwera kudzacheza?"

"Wabwera kudzakhala."

Amama anaphimba nkhope ndi mpango. Mapewa ankagwedezeka. Kaya ankaseka, kaya ankalira. Mwina zonse.

Panatsala chidutswa chimodzi. Nasra anachitenga. Anathamangira kumpanda. Tikhala anali pomwepo, akusuzumira pa chiboo.

"Tikhala! Sakupitanso! Ababa sakupitanso!"

"Ndamva."

"Ina, landira. Ulawe."

Tikhala analandira. Ananunkhiza. Ulendo uno sanakwinye mphuno. Analuma. Anatafuna nthawi yaitali, maso ali pa khonde paja, pa bambo wamtali akumwa tiyi ndi banja lake.

"Bwanji?" anafunsa Nasra. "Wakoma?"

Tikhala anameza. Anapukuta pakamwa.

"Mawa undidzutse m'mawa. Tikatape chidebe china. Nawonso ababa anga ali ku Joni."